Mayi a Sopo ndi Chuku cha M'nyanja

Kuntchito amawaitana Mayi a Sopo. Asanalowe mu labotale anachapira anthu zovala zaka khumi, ndipo mdani wawo wamkulu anali chuku.

Ntchitoyi anaipeza mwana wawo wachiwiri atangosiya kuyamwa. Anawauza kuti ayamba awayesa miyezi itatu, azikolopa ndi kutsuka timbale tagalasi. Koma palibe anawauza kuti m'chipindamo anthu amalima chuku dala. Amatola timitengo towola m'mphepete mwa nyanja yamchere, n'kutiika m'timbale pa phala loundana, poti mwina m'chukumo mudzapezeka mankhwala.

Tsiku lachinayi anapeza timbale sikisi pashelefu titachita ubweya wobiriwira. "Anthu ophunzira, koma uve!" Anatikwecha mpaka mbee.

Adokotala, mayi wamfupi wosadziwa kukalipa, atalowa anangogwira tebulo.

"Mayi, timbale tanga tili kuti?"

"Ndatsuka, adokotala. Tinawolatu."

"Kuwolako ndiye ntchito yathu. Tinato tili ndi tinzake, koma kamodzi, kokhala ndi kamtengo pakati, kanalibe kanzake. Ndakadikira miyezi isanu."

Mayi a Sopo anaiona ntchito ija ikutuluka pakhomo.

"Nanga kamtengo kanali pakati paja kangathandize? Ndinakaponya m'bini sopo ndisanathire, kuopa kutseka paipi."

Anavala magolovesi, n'kuvundula zinyalala mpaka anakapeza. Adokotala anakatsuka ndi madzi amchere owiritsa, anakang'amba, n'kuika kachidutswa ka m'kati pa phala latsopano.

"Kaya. Tidikire."

M'mawa uliwonse Mayi a Sopo ankayamba asuzumira m'kambalemo asanagwire mopu. Zii. Kunyumba amuna awo anapezerapo choseka.

"Mayi a mwana, khanda lanu la kuntchito lija lamera mano?"

"Sekani, bambo. Likapanda kumera mundiona ndikuchapanso mabulangete a eni."

Tsiku la khumi ndi chiwiri, timaulusi toyera tinatuluka m'mbali mwa kamtengoko. Adokotala anatiika pa makina okuzira zinthu, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapumira m'mwamba.

"Ndi chuku chomwe chija. Bwerani mumuone amene munafuna kumupha."

Mayi a Sopo anatsinzina diso limodzi. Anaona tinthambi topyapyala tonyamula timibulu, tokongola ngati nsalu yoluka.

"Ndiye ndizibwerabe, adokotala?"

"Mufuna kupita kuti? Mawa mulawirire, ndikuphunzitseni kuphika phala lake. Limafuna munthu wodana ndi litsiro ngati inuyo. Koma shelefu iyo, chonde, musaiyandikire ndi siponji."