Tsiku limene Tadala anadya chuku cha bambo ake

Lachiwiri lapitali ndinathamanga kuchokera kunyumba mpaka kuchipatala cha pa boma, wopanda nsapato, mwana ali kumsana. Amene munandiona ndikudutsa pakati pa mathiraki opita ku Mozambiki ndikulira, sindinapenge ayi. Tamverani.

Ndinangotuluka pang'ono kukayanika matewera. Pobwera, chitseko cha kachipinda kathu kakumbuyo chili chotsekula. Tadala wanga, wa miyezi khumi, wakhala pansi, manja ali m'lichero, kukamwa kuli mbuu. Mpunga. Mpunga wochita chuku, woyera ngati wamera ubweya.

Amayi anzanga, kusikelo amatiuza chiyani? Mtedza wachuku tayani. Chimanga chachuku musaphikire mwana phala, chimawononga chiwindi, mwana sakula. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma mawu amenewo ndinawasunga. Ndiye ndione mwana wanga akunyambita chuku?

Amene anachidzala chukucho ndi bambo ake. Inde, mwadala. Iwo ndi anzawo awiri ayamba kufulula mowa motsanzira a ku Japan, anawaphunzitsa ndi mphunzitsi wina wopuma amene anakhalako kumeneko. Ndikafunsa za lichero lija, yankho linali limodzi: "Amake Tadala, n'zovuta izi, simungamve."

Bambo akewo anandipeza kuchipatala ndili pa benchi. Anatsika pa kabaza ali wefuwefu, kapaketi ka mbewu ya chukucho kali m'manja.

"Mwandiphera mwana!" ndinakuwa.

"Si chapoizoni chimenechi, amake Tadala. Ku Japan anthu amadya."

"Kuno ndi ku Japan?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Anamwino anamuyeza kutentha, anamugwira pamimba, kenako anawerenga kapaketi kaja mofatsa. "Mwana alibe vuto. Chuku ichi n'chochita kusankha, si cha m'nkhokwe. Akasanza mubwere naye." Atatero anatembenukira kwa bambo ake. "Koma bambo, mayiwa sanalakwe. Inuyo ndi maso okha mungasiyanitse chuku chabwino ndi choipa?"

Anangowerama.

Tadala sanasanze. Anayamwa, anagona, anadzuka n'kuyamba kundikoka ndolo.

Tsono nkhani yanga ndi inu abambo. N'chifukwa chiyani chatsopano chikalowa m'nyumba chimalowa mobisa? Mankhwala opopera tomato mumaika kunsi kwa bedi, m'botolo la zakumwa, osanena. Mbewu yopaka mankhwala mumasiya pakhonde. Mumati sitingamve. Koma amene amatsala ndi mwana wokwawa ndani?

Lachitatu ndinawauza bambo a Tadala kuti mundionetse zonse, apo ayi licheroli lipita kudzala. Anandionetsa.

Ife timadziwa chimera: kunyika mawere, amere, kuyanika, kusinja. Iwo mpunga amauphika ndi nthunzi, kuuwaza kaufa ka m'paketi, kuukulunga m'nsalu ngati khanda masiku awiri. Chuku chija ndicho chimatsekemeretsa mpunga kuti mowa upse. Pomaliza amaponyamo makoko a manachesi athu omwewa a ku Mwanza.

Koma chimene chinanditseka pakamwa ndi ukhondo. Bambo a Tadala, munthu amene sanatsukepo mbale chikwatirane, akusamba m'manja mpaka m'zigongono! Nsalu kuziwiritsa. Lichero likasintha mtundu, lonse kutaya, osanyinyirika.

Ndinakumbuka amalume anga, amene anatupa miyendo ndi kachasu wa m'migolo yadzimbiri, wothiramo zosadziwika. Mowa sudzatha m'boma muno, tisanamizane. Ine sindimwa, ndikuyamwitsa. Koma ngati anthu adzamwabe, si bwino amwe wofululidwa ndi manja osamba, munthu wake wodziwika, wosaopa kunena zimene wathiramo?

Ndipo amene ankati sindingamve uja, dzulo wandiitana. "Amake Tadala, tanunkhizani ili." Malichero awiri ankanunkhira ngati nthochi yakupsa. Lichero lachitatu linali ndi kafungo kowawasa. Ndinati nsalu yake sinaume bwino. Anzawo aja anayang'anana, n'kukalitaya.

Mantha sanandithere, ndipo sindikufuna andithere. Ndiwo anachititsa kuti pa chitseko chija pakhomedwe loko, pamwamba, posafika mwana. Kiyi wake ali pa mfundo ya chitenje changa.

Nanga kwanuko, chimene abambo akusunga m'kachipinda kakumbuyo mukuchidziwa, kapena mudikira mwana akulawireni?