Mkanda pansi pa garavata ya bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, kuzizira kwa ku Ntengo-Wambalame kukulowa mpaka m'mafupa. Pasiwa tinagona anthu asanu basi. Nyimbo tinaimba monong'ona, moto titaukwirira, poti masiku amenewo kuwala kunkaitana mfuti.

Koma mantha anga sanali a nkhondo. Ndinkaopa kuti manda a bambo sakumbidwa. Bambo anali mphunzitsi ku Furancungo kuyambira nthawi ya Apwitikizi, ndipo azunguwo atapita, iwo anawasungabe m'mutu. Chichewa patebulo ankatiletsa. Ngakhale mbatata yootcha ankadya ndi garufu, foloko ya azungu, bambo anga inu! Sukulu itawotchedwa tinathawira kuno kwawo, koma pamaliro a anthu sankapondapo. Tsono kuno wosayenda maliro, adzukulu okumba manda amamuyang'ana chabe.

Kutacha, chifunga chili mbuu, ndinamva makasu akugundana. Amuna anayi, kenako khumi. Pambuyo pawo amayi atasenza nkhuni ndi mbatata, ena ochokera ku Malawi kumene anathawira, aliyense akuponda m'mapazi mwa mnzake kuopa mabomba okwirira. Anayala mafuwa kuseri kwa nkhokwe. Ine manyazi, kusowa poyang'ana.

Mkulu wa adzukulu, amene anasambitsa thupi, anandikodola. Bambo ankamanga malaya mpaka pammero, garavata, tayi yawo ija, pamwamba, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mkuluyo anatsegula khosi la malaya a bambo. Munali mkanda wofiira wa agogo, mayi awo a bambo, chingwe chitada bii ndi thukuta.

"Tinakulira limodzi," anatero. "Mzungu wa kusukulu atauona anawaimika kutsogolo, n'kuwamenya m'manja, n'kutiuza tonse tiseke. Tinaseka. Kuyambira pamenepo sanatiyang'anenso m'maso. Sankadana nafe, mwanangu, ankadzichitira manyazi okha. Koma uwu sanavule."

Anandifunsa kuti awaveke chiti. Ndinati zonse, koma mkanda ukhale pamwamba.

Tinanyamuka kukuwaza kamvula. Bokosi linali la zitseko ziwiri za nyumba zosiyidwa, ndipo amuna ankalimbirana kulinyamula. Pofika kumanda mayi wina anaiwala nkhondo n'kuyambitsa nyimbo mokweza, tonse tinapolokezana naye.

Anthu anabalalika dzuwa likadalipo, kuopa njira. Madzulo m'nyumba munali zii. Garufu ija inali pamalo pake. Ndinakhala patebulo n'kuwauza bambo m'Chichewa onse amene anabwera, mmodzimmodzi. Palibe anandiletsa, ndipo m'pamene ndinalira.