Mafuwa Atatu ndi Miyendo ya aMulenga

Ndikukumbukira chaka chimene pakamwa panga panatsala pang'ono kunditulutsa sukulu. Tinkakhala ku Ndake, cha ku Nyimba, kwathu kwa Ansenga, m'masiku a Chitaganya, pamene boma la azungu linamanga dziko lathu mtolo umodzi ndi maiko awiri oyandikana nafe. Atata anali ku migodi, ndipo amalume ankangodikira chifukwa choti andichotsere m'kalasi. Ankati mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake, zotsalazo n'kungochedwetsa ukwati.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mesenjala wa boma, aLungu, kudzatiuza ubwino wa Chitaganya. Anaima pansi pa mtengo wa mango atavala chisoti chofiira ndi kabudula wouma gwa, thukuta lili kamukamu. Anati maiko atatuwa ali ngati mafuwa atatu: akagwirizana, mphika sugwa.

Masiku amenewo mesenjala sankayankhidwa. Koma amama anadzuka, khanda lili kumbuyo.

"Tamva, mafuwa ndife. Tipsa ndi moto, tida ndi mwaye. Nanga akudya za mumphikamo ndani? Khala pansi iwe, miyendo ngati bango!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. ALungu nawonso anaseka mpaka chisoti kupendekeka.

"Ndiye chifukwa chake mwamuna wako anathawila ku migodi, kuti makutu apumule!" anabweza motero.

Msonkhano utatha anabwera pakhonde pathu n'kudya mtedza wokazinga ngati palibe chachitika. Ine ndinaona kuti nzeru ndi imeneyi, ndipo mawu a amama ndinawaloweza kuposa samu. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti aLungu anali msuweni wa amama, mwana wa amalume awo. Kwathu asuweni amanyozana mpaka dzuwa kulowa, popanda wotengera mnzake kubwalo.

Patapita sabata, aphunzitsi athu atsopano, aMulenga, anatiwerengera kabuku ka boma. Ndinangomva mafuwa omwe aja atulukiranso. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, poti kwa nthawi yoyamba yankho ndinali nalo ndisanafunsidwe. Ndinakweza mkono, ndinaimirira, n'kukhuthula zonse monga ndinazimvera. Sindinasiye "iwe", sindinasiye bango. Tsoka lake, aMulenga analidi ndi timiyendo towonda, ndipo tsikulo anavala kabudula.

Palibe anaseka. Choko chinagwa pansi n'kuduka pawiri.

"Tenga sileti yako. Usabwelenso," anatero aMulenga.

Ndinalira njira yonse, mchenga ukundiwotcha kumapazi. Ndinkaopa amalume kuposa chikoti, chifukwa chimene ankachifuna ndinali nditawapatsa ndekha. Amama atamva anagwira pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankabisa mantha kapena chiseko.

M'mawa anandigwira padzanja ulendo wa kusukulu. Anagwada pakhomo la kalasi n'kuwomba m'manja mwaulemu umene sindinawaonepo nawo.

"Bambo, mwanayu analakwa dzulo, ndamukalipila. Koma ndifunseko, kwanu n'kuti?"

"Ku Kasama, amai."

Amama anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo.

"Ooo, kansi ndinu Mubemba! Ine kugwada pachabe. Mwana wa mdya mbewa akaseka mdya anyani, mlandu uli pati? Kapena chimbuya munachiiwala mu lole pobwela?"

Chimbuya ndi chisuweni cha mitundu. Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwaufulu, ndipo amene wakwiya ndiye wagonja. AMulenga analimbana ndi milomo yawo kwa kanthawi, koma milomo inapambana.

"Ndinadabwa kuti mwanayu mano akuthwa anawatenga kuti. Kansi ndi mbewa zimene mumamudyetsa!" Kenako anatsitsa mawu. "Za miyendo ndakhululuka. Koma za mphikazo azifunsa chamumtima. Kabukuka sindinalembe ndine."

Chilango changa chinali kusesa bwalo sabata yonse, ndipo ndinasesa ndikuimba. Amalume anadikira mpaka kutopa. Sukulu ndinamaliza, ndipo inenso ndinadzagwira choko kwa zaka zambiri, nditavala siketi yofika m'mapazi.

Masiku ano zidzukulu zanga zimakangana pa foni ndi anthu amene sizikuwadziwa n'komwe. Mawu akuthwa zili nawo, mwina kuposa amama, koma mkangano ukatha palibe amene amabwera pakhonde kudzadya mtedza. Zimandimvetsa chisoni, ndipo ndimaziuza zimene amama anandiuza tsiku lija pobwerera, kuti usanaponye mawu uyambe wafunsa munthuyo kwawo.

Amamawo ndinawafunsa panjira pomwepo kuti zikanatha bwanji aphunzitsi aja akanakhala Mnsenga mnzathu.

"Ukanakwatiwa chaka chino," anatero amama. Ndipo apa sanaseke.