Njerwa za Agogo Zuze

Agogo Zuze akandibwerera m'maganizo, chimene chimayamba kufika si nkhope yawo ayi, koma fungo la mtedza wokazinga m'phale, losakanikirana ndi utsi wa udzu umene ankafukizira njuchi, fungo limene linkakanirira m'malaya awo ngakhale amayi awachape kangati. Anali bambo wa amayi anga, ndipo nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, m'mudzi mwathu kufupi ndi Nsadzo, tsidya lino la malire a Zambia. Mwendo wawo wamanzere unapindika kalekale atagwa mumtengo popachika mng'oma, moti ankayenda chokoka, phazi likulemba mzere m'fumbi.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Ku shikola pulofesolo, mphunzitsi wathu, akandiloza, ndinkangoyang'ana zala zanga zakumapazi, ndipo zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba kumapeto kwa kaderno, kope langa lolembamo. Agogo okha sankandikakamiza kuyankhula. Ndikafika ankangoti, "Akazi anga abwera, ntchito iyambe," monga amaserewulira agogo ndi mdzukulu, n'kundipatsa lichero.

Ntchito yake inali youmba chakudya chimene iwo ankachitcha njerwa. Anachiphunzira ali mnyamata, popita ku Halale wapansi kukafuna ntchito. Ankakazinga mtedza, kenako chitowe chimene chinkathetheka n'kumalumphira kunja kwa phale, kenako mapira. Ine ndinkafikisa mtedzawo m'manja udakali wotentha, n'kupeta, n'kusinja pang'ono chabe kuti usasanduke chiponde. Iwo ankawiritsa uchi mpaka ukoke ulusi pachikombe, n'kukhuthuliramo zonse pamodzi ndi ufa wa malambe wodzaza dzanja, n'kuyala patsamba la nthochi lowamba, n'kupsinja ndi mwala mwamphamvu mpaka mitsempha yapakhosi kuonekera. Zikazizira ankadula timizeremizere, ine n'kumakulunga chidutswa chilichonse m'khoko la chimanga.

Mlongo wanga wamng'ono, Nando, sankazifuna. Mtima wake unali pa bolasha, mabisiketi a m'pepala amene ankagulitsidwa ku loja, sitolo ya m'mudzi mwathu.

"Njerwa zanuzi zimathyola mano!" ankatero.

"Mano ake ati, iwe wa magweru?" agogo ankayankha. "Bolasha wakoyo ndi mphepo yothira shuga. Udya pano, ukafika pamtondo paja m'mimba mwayamba kale kulira."

Nkhondo itafika kwathu, loja inapsa, shikola inatsekedwa, ndipo bambo anatengedwa ndi anthu amfuti akuchokera kumunda, pamodzi ndi njinga yawo. Tinayamba kuswera m'thengo. Kumeneko moto sunkaloledwa, chifukwa utsi umaloza ngati chala. Njerwa zija ndizo zinkatisunga, ndipo Nando akayamba kulira amayi ankamutseka pakamwa ndi chidutswa. Agogo sankatha kuthamanga, choncho ankatsala m'munda wa mapira kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi iliyonse tikamabwerera ndinkayang'ana pansi kufuna mzere watsopano wa phazi lawo.

Amayi atamanga mfundo yoti tithawire ku Zambia, agogo anafula ming'oma yawo yonse tsiku limodzi. Kale ankasiyira njuchi zisa zina, akuti mlendo wabwino satsuka mbale ya mwininyumba. Tsiku limenelo sanasiye kanthu. Tinaumba njerwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'manja mwanga mutatuluka matuza, amayi ali chiimire pambali, akuchonderera.

"Bambo, tikunyamulani pamachila. Anyamata a kwa a Banda avomera."

"Machila ndi a mzungu ndi a mtembo. Ine ndine uti pamenepa?"

"Nanga tikusiyeni pano nokha? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati Zuze ali ndi zidzukulu zamoyo. Mukandinyamula, ulendo wa anawa utalika, amfuti atipeza tonse panjira. Tsogolani. A Banda akubwera m'mbuyo ndi ngolo, ndidzakwera imeneyo ngati bwana."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Agogo anagawa njerwa m'mitolo itatu: wa amayi, wanga, wa Nando. Ndinayang'ana palichero, panalibe chotsala. Ndinalimba mtima n'kufunsa chonong'ona, "Agogo, zanu zili kuti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola yaikulu pa zonse mumtolo wanga, n'kuikulunganso ndi khoko lachiwiri, n'kuimanga ndi luzi.

"Iyi ndi yanga. Sungani, akazi anga. Mwamuna akafika kuchokera paulendo, sapeza mkazi ali manjamanja."

Tinanyamuka m'mawa mwake, kudzera m'tchire, kupewa msewu wa ku Cassacatiza, pachipata cha malire. Nditacheuka ndinaona agogo ataima pakhomo, atatsamira ndodo, akuthamangitsa njuchi zimene zinkazungulira mutu wawo kufuna uchi wawo.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinagona pansi pa lona. Masiku oyamba ankagawira ana mabisiketi, ndipo Nando anavina nawo. Ine njerwa ya agogo ndinaimangirira m'chiuno, m'kansalu, ndipo madzulo alionse ndinkapita kumene ankafikira alendo atsopano kukayang'ana ngolo.

Mvula itayamba, a Banda anafika wapansi, atatupa mapazi. Ng'ombe anali atalandidwa. Amayi atawafunsa za agogo, a Banda anadabwa. "A Zuze? Za ngolo sanandiuzepo ine. Pamene ndinkachoka, mudzi wonse unali ukufuka." Amayi anakhala pansi pomwepo. Ine sindinalire. Ndinkati mumtima, agogo anafikapo ku Halale ndi miyendo, ku Zambia n'pafupi. Akubwera pang'onopang'ono basi.

Nthawi yomweyo matenda otsegula m'mimba anagwa mumsasa, ndipo Nando anadwala. Kuchipatala anamupatsa madzi a mchere ndi shuga, kutsegulako kunaleka, koma kudya anakaniratu. Phala ankalavula. Bisiketi ankangoifumbata mpaka kufumbutuka m'manja. Khosi lake linaonda ngati la mwanapiye. Tsiku lina masana, lona likutentha pamwamba pathu, anatsegula maso n'kunena, "Ndikufuna njerwa."

Amayi ankadziwa chimene chinali m'chiuno mwanga. Sanandilamule. Anangoti, "Rozariya, mwanangu," n'kuyang'ana kumbali.

"Ndi ya agogo," ndinatero. "Akafika ndiwapatsa chiyani?"

Nando ankapuma mothamanga, milomo itang'ambika. Ndinakhala chomwecho, dzanja lili pamfundo ya kansalu, ndikumvetsera ngati kunja kungamveke ndodo ndi phazi lokoka. Kunkangomveka ana a eni ndi ntchentche. Ndinamasula luzi lija. Njerwayo inali itada ndi kufewa chifukwa cha thukuta langa, koma fungo lake linadzaza lona lonse. Ndinabenthula kachidutswa n'kumuika palilime. Anayamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, kenako anapempha madzi. M'mawa mwake amayi anasungunulira kachidutswa kena m'phala, ndipo anameza. Tinapitiriza motero mpaka njerwa inatha, Nando atayamba kukhala tsonga.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu. Nyumba ya agogo inali chulu chomera udzu, ndipo panalibe munthu wodziwa kumene anagona. Achibale anati tichite mwambo wa kumeta kuti maliro atsekedwe, koma amayi anakana mpaka imfa yawo. Ankati munthu sameta maliro a mtembo umene sanauone.

Lero Nando ndi bambo wa ana ake, amanyamula anthu panjinga yamoto kumalire. Nkhope ya agogo saikumbukira, ndipo akandifunsa kuti anamwalira liti ndimati sindikudziwa, pakuti n'zoona. Koma tsiku limene ine ndinawaika m'manda ndimalidziwa. Kunalibe nyimbo, kunalibe wansembe, kunalibe khasu. Ndinali ndekha ndi zala zanga, pansi pa lona lotentha, ndipo maliro amenewo ndikuwalirabe.