Likhweru la kwa a Namakhwa

Ku Chikamveka ukafunsa nyumba ya a Gilson Namakhwa, anthu amangokuuza kuti uyang'ane pamene pali nsungwi ziwiri zazitali zokoka waya pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Wayayo si woyanikapo zovala. Malemu akazi awo, a Malita, anayesapo kamodzi, ndipo banja linagwedezeka sabata yonse.

A Gilson anakalambira pamwamba pa phiri la Zomba, akusamalira makina a pa milongoti ya mawayilesi ija imaoneka kukakhala kopanda nkhungu. Atapuma ntchito anatsika ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosamva mankhwala ndi chilakolako cholankhula ndi anthu akutali pa wayilesi. Nthawi ya chipani chimodzi zimenezo ankangozilota, poopa kufunsidwa mafunso ovuta. Zipani zitachuluka anakatenga layisensi n'kuiika m'felemu pakhoma, pambali pa chithunzi cha ukwati. Ine ndimakhala kuseri kwawo, ndipo ndinena mosaopa kuti pepalalo ankalipukuta fumbi kuposa chithunzicho.

Chuma chawo chachikulu chinali ampulifaya, bokosi lachitsulo lolemera ngati thumba la simenti, lokuza mphamvu ya wayilesi kuti mawu akafike kutsidya kwa nyanja. Mkati mwake munali mavalavu awiri, timabotolo tagalasi toyaka kamoto. A Malita atamwalira, mwana wawo Selina ali ku Lilongwe, bokosi limeneli ndi lomwe linatsala lowayankha. M'mawa uliwonse, tiyi ali pambali, ankaliyatsa n'kumacheza ndi madala anzawo a ku Joni ndi ku Ulaya za mvula ndi za mawondo.

Tsono chaka china ampulifayayo inayamba misala. Akangodina batani kuti alankhule, singano ya mita inkathamanga yokha iwo asanatsegule pakamwa, ndipo zitsulo za mkati mwa mavalavu zinkafiira ngati makala. Anzawo akutali ankadandaula kuti mawu akumveka ngati a munthu wotsukuluza mkamwa. Koma wodandaula weniweni sanali kutali. Anali kuseri kwa mpanda waudzu: mayi Mwanamvua, neba wawo wogulitsa zitumbuwa, amene amakazinga m'mamawa wayilesi yawo ili pa ndowa. M'wayilesi imeneyo munkalowa likhweru lotseka makutu, pa nthawi yeniyeni ya uthenga wa maliro ndi moni.

Mayi Mwanamvua si munthu wosunga mawu m'mimba. Anaima pampanda, chipande chili m'manja.

"Bambo a Selina, ine ndapirira. Dzulo alengeza maliro a ku Malosa, ndangomva dzina la mudzi, la womwalirayo mluzu wanu wadya. Ndikalire ndani? Mwezi uno ukatha chikadalira, ndikukanena kwa aboma a mawayilesi, adzachotse pepala lanu lija pakhoma."

A Gilson anaseka kuti aoneke mwamuna, koma tsiku limenelo tiyi anazizirira m'kapu. Anali ndi mantha, ndipo ine ndinawamvera chisoni. Kuwalanda layisensi kunali kuwatsekera m'nyumba yopanda wolankhula naye.

Vuto lake ankalidziwa dzina, koma osadziwa pamene labisala. Anandifotokozera motere: "Aphunzitsi, ampulifaya ili ndi khutu ndi pakamwa. Khutulo liyenera kumva ine ndekha. Koma mphamvu yotuluka ikadontha n'kubwerera kukhutu, imayamba kudzimva yokha, n'kumadziyankha yokha osalekeza." Ndinawauza kuti anthu otero ndimawadziwa, tili nawo angapo m'komiti ya sukulu.

Chida choyezera likhwerulo analibe. Chokhacho chimene chinkalimva bwino chinali wayilesi ya pa ndowa ija. Motero anavala jekete, ngati wopita kukafunsira mbeta, n'kukapempha mdani wawo kuti akhale mita. Mayi Mwanamvua anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka n'kuvomera, ati kuti zithe msanga.

Masiku amenewo mzere wathu wonse unkadzuka ndi sewero laulere. A Gilson ankazimitsa makina, n'kukhudza mkati ndi kamtengo ka waya kochotsera magetsi otsalira, chifukwa bokosi limenelo limapha ngakhale litazimitsidwa. Akasintha chinthu chimodzi, ankatseka chivundikiro, kuyatsa, n'kufuula pawindo: "Nanga pano, aneba?" Yankho linkachokera mu utsi wa mafuta: "Chikadalira!" Anasinthanitsa mavalavu. Chikadalira. Anapeza karezisita kozunguliridwa ndi koyilo katapserera, kamene ntchito yake n'kuziziritsa misala yotereyi. Anakwera kabaza mpaka ku Chinamwali kukasakula m'mawayilesi akufa, n'kubwerako ndi kena. Likhweru linangochepa pang'ono, ngati mwana wopatsidwa switi, kenaka n'kuyambiranso. Anafupikitsa mawaya, anamanga masikuluu, anatukwana pang'ono m'Chilomwe. Mwezi unali kupita.

Tsiku lina atatopa, makina ali chiyakire, anatsamira pa chivundikiro ndi sikuludiraiva, nsonga yake n'kuterereka m'mphepete mpaka kukanda chitsulo. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu: "Chasiya." Atachotsapo sikuludiraiva ija, mawu aja anabweranso: "Chayambanso. Mukuseweretsa ine kapena makina?"

A Gilson anatuluka akukanda mutu, n'kufotokoza kuti palibe chimene asintha, angotsamira basi.

"Chivundikiro chake chija chabuluu?" anafunsa mayi Mwanamvua. "Pajatu mluzuwu unayamba sabata imene munapenta chitseko. Ndikukumbukira chifukwa makasitomala ankati zitumbuwa zanga zikununkha penti."

Mdalayo anangokhala pansi pa njerwa. Chinyontho cha Zomba sichikhululukira chitsulo. Chiperoni chikatsika m'phiri, ngakhale loko wa pachitseko amachita dzimbiri. Penti atatsala wa chitseko, iwo anaona kuti n'kulakwa kumutaya, ndipo anapaka chivundikiro cha ampulifaya mkati ndi kunja, mpaka m'mphepete, kawiri konse. Chinkawala bwino zedi, ndipo aliyense wobwera ankamuonetsa. Koma chivundikirocho chimayenera kugundana ndi bokosi chitsulo kwa chitsulo, kuti mphamvu isapeze podonthera. Penti uja anali atazilekanitsa.

Madzulo amenewo anakhala pakhonde ndi sandipepa, akupala ntchito ya manja awo omwe, nkhope ili ngati ya munthu wometa mwana wake mpala. Mdima usanagwe anayesa pang'ono: singano inakhala phee, mavalavu osafiira. Koma mayi Mwanamvua anali atapita ku chinkhoswe ku Malosa, ndiye panalibe wotsimikizira.

M'mawa mwake ndinali kusesa pabwalo pamene ndinaona mayiwo akudutsa pampata wa mpanda, chitenje chili m'manja, mafuta atawasiya pamoto. Anamenya chitseko chabuluu chija ndi zikhatho zonse ziwiri. "Bambo a Selina! Bambo a Selina!" Ndinataya tsache n'kuthamangira komweko.

Chitseko chinatseguka. A Gilson anatulukira ali bwinobwino, zomvera za m'makutu zili m'khosi, kapu ili m'manja, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka mzungu wina akufunsa ngati akadalipo.

Mayi Mwanamvua anatsamira khoma akupuma mwawefuwefu. "Uthenga wa maliro watha, moni watha, mluzu osamveka. Ndimayesa chifuwa chija chakutengani usiku." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mokwiya. "Miyezi yonseyi ndimadziwira pomwepo kuti mwadzuka. Munthu wokhala yekha, mukangoti zii chonchi, ine ndidziwa bwanji?"

A Gilson, amene amatha kulankhula ndi dziko lonse, anangofunsa chapansipansi ngati ndiye kuti kwa aboma sapitanso. Mayiwo anati zimenezo aona, koma zitumbuwa zapserera chifukwa cha iwo, ndipo azidya okha zonse.

Layisensi ikadali pakhoma. Chivundikiro chikadali chabuluu pakati, m'mphepete muli mbee, ndipo a Gilson amapakamo timafuta dzinja likayandikira. Chimene chinasintha ndi ndondomeko ya m'mawa. Asanayatse makina, asanaitane Joni kapena Ulaya, amayamba atsegula windo n'kuponya moni wa m'mawa wa Chiyao, chilankhulo cha mayi Mwanamvua, umene anachita kuphunzira: "Ajimwiche uli, aneba?" Ndipo sadina kanthu mpaka yankho litabwera kuchokera mu utsi.