Mbande ya a Silvino

Mukakwera minibasi, ija timati shapa, yochokera ku Moatize kupita ku Zóbuè n'kufunsa za Assucena mwana wa a Silvino, simusowa wokuyankhani. Wina akuuzani kuti ndi uja ankasita maovololo a anthu a ku mgodi. Wina ati ayi, ndi uja wa shikola ya misala. Onse akunena zoona pang'ono, koma anthu a m'shapa mukuwadziwa, amayamba nkhani pakati n'kutsika isanathe.

Assucena anabadwira ku Zóbuè nkhondo itatha, makolo ake atangobwerako ku Malawi kumene anathawira. Anali mwana wa pakamwa. Mayi ake, a Luzia, ankati mwanayu anayamba kulankhula asanamere mano, ndipo akakhala chete ndiye kuti wagona. Bambo akenso masiku amenewo sanali munthu wofatsa. Ankalima akuimba nyimbo za ku tchalitchi mokweza, moti a m'minda yoyandikana nawo ankachita kulandira.

Mbiri ya malasha itamveka, a Silvino anatsika ndi banja lonse kupita ku Moatize. Sanapite kukakumba ayi. Iwo anaona kuti anthu onse othamangira malashawo adzafuna pogona, ndiye anayamba kuumba njerwa cha ku Bagamoyo, dera lina la konko. Zinthu zinayenda, ng'anjo yawo sinkazizira. Koma mgodi unkakula, ndipo tsiku lina kunabwera anthu ovala zisoti zoyera ali ndi womasulira wawo. Womasulirayo, munthu waulemu ndithu, anati, "Musadandaule, tikungokusamutsani. Zonse zakonzeka." Anawakweza m'galimoto pamodzi ndi katundu n'kukawatsitsa ku mudzi watsopano wotchedwa 25 de Setembro. Nyumba anaipeza, koma dongo la njerwa linatsala kuseri kwa waya wa mgodi.

Kuyambira pamenepo a Silvino anasiya kuimba. Ankangokhala pakhonde, manja pamaondo, ndipo ukawapatsa moni yankho linali limodzi: "Tilipo." Anthu ankati ndi maganizo. Patapita nthawi iwo ndi akazi awo anabwerera ku Zóbuè kukalima dimba, nyumba ija n'kuisiyira mwana wawo wamkulu, Ulisses, amene anali atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku mgodi womwewo. Assucena anatsala ndi achimwene akewo kuti amalize sekundariya.

Atamaliza, univerisidade inali kutali ndipo thumba silinalole. Mtsikanayu sanakhale pansi n'kumalira tsoka. Anapeza ntchito yochapa ndi kusita zovala za ku mgodi, zija fumbi lake limalowa mpaka m'zikhadabo. Akaweruka ankathamangira ku kashikola kena ka zipinda zochepa pamwamba pa loja, sitolo yogulitsa zitsulo, kumene ankaphunzitsa zaka ziwiri zoyambirira za maphunziro apamwamba. Anzake onse anasankha za migodi kapena za muofesi. Iye anasankha pisikolojiya.

"Malasha kumbani inu," ankatero. "Ine ndikufuna ndidziwe chimene chinawakumba m'kati ababa."

Vuto linali kulifotokoza dzinalo kwa anthu. Akati ndi maphunziro a za mutu, iwo ankati ooh, za misala. Akati ndi za maganizo a anthu, ndiye ankayamba kumuopa ngati woombeza. Tsiku lina wolipiritsa m'shapa anamuyesa dala. "Ndiye tandiuzani, achemwali, pano ndikuganiza chiyani?" Assucena sanachedwe. "Mukuganiza zotikhazika asanu pampando wa anayi." Shapa yonse inafa nako kuseka, ndipo kuyambira tsikulo mbiri inapita patali yoti mwana wa a Silvino amaona za mumtima.

Amene sanagome naye anali mphunzitsi wake, a Noémia, mayi wamfupi wolankhula pang'onopang'ono. Mayeso Assucena ankakhoza bwino kuposa onse, koma a Noémia ankangopukusa mutu. "Mutu uli nawo. Koma pakamwa pako pamafika makutu asananyamuke. Ntchito iyi ndi ya makutu." Ankamukhazika moyang'anizana ndi mnzake n'kumuletsa kulankhula mpaka mnzakeyo atamaliza yekha. Chilango chake! Assucena ankati bola kusita maovololo a mgodi wonse. Komabe anaphunzira, pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi anzake ochapa nawo anayamba kumuuza zinthu zimene sanauzepo ngakhale amuna awo.

Chaka chachiwiri chitatha, univerisidade ina ya ku Beira inavomera zonse zimene anaphunzira pamwamba pa loja paja, kuti akangoyambira chaka chachitatu. Pa Chipwitikizi zimenezi amati taransiferensiya. Unali mwezi wa Julaye, ndipo maphunziro ankayamba Ogasiti akangolowa. Assucena anakwera shapa ya ku Zóbuè mtima uli m'mwamba, osamva n'kuzizira komwe kumene kumakulandira ukayamba kukwera mapiri.

Anapeza makolo ake ali pabwalo, mayi akusankha nyemba, bambo akukhomera khasu mumpini. Za a Noémia zonse anaziiwala pamsewu. Moni weniweni asanamalize, anatembenuza liwu la Chipwitikizi lija mmene linamubwerera.

"Ababa, zatheka! Andisamutsa, ndikupita ku Beira."

A Silvino anaika khasu pansi. "Wakusamutsa ndani?"

"A ku shikola, ababa. Zonse zakonzeka, kwangotsala kunyamuka."

"Zonse zakonzeka," anabwereza a Silvino. Anaimirira n'kusasa fumbi pa buluku. "Ndikadali moyo ine, mwana wanga sasamutsidwa." Anatola khasu lija n'kulowera kudimba.

Masiku otsatira Assucena anachita zimene ankadziwa bwino, ndiko kulankhula. Anawafotokozera za Beira, za ntchito imene adzapeze, za anthu amene adzawathandize. Ataona kuti sizikulowa, anapsa mtima n'kuwauza kuti vuto lawolo ndi matenda, lili m'mabuku, ndipo analitchula dzina lake lalitali pa Chipwitikizi. A Silvino anamuyang'ana. "Dzina labwino. Ulisunge, udzamutche mwana wako." A Luzia anayesa kulowererapo, amvekere mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amuna awo anangoti, "Ine sindinabereke ng'ona."

Ulisses pa foni sanaone chovuta. "Ndiwe wamkulu iwe. Ingokwera, akuluwo adzazolowera." Zoona, panalibe womumanga miyendo. Koma Assucena ankadziwa kuti akachoka chonchi adzakhala chinthu china chimene bambo ake alandidwa, ndipo sadzamuyang'ananso kumaso. Akatsala, malo a ku Beira apita kwa wina. Ankafuna zonse ziwiri, shikola ndi mawu a bambo ake, ndipo Julaye anali kutha. Anakalira kuseri kwa nkhokwe, kulira kwaukali, kokwiyira bambo ake, kodzikwiyira yekha, kokwiyiranso a Noémia amene sanalakwe kanthu.

Atapukuta misozi anaganiza chinthu chimodzi: atseke pakamwa. Tsiku limenelo dzuwa litapendeka anawatsata kudimba osaitanidwa. Anawapeza akuthirira pamene anafesa matimati, pamene iwo ankati pa nazale, liwu limene anabwera nalo kuchokera ku Malawi. Mbande zinali zitafika pochotsa. Assucena anakwinya chitenje, nagwada mbali inayo n'kuyamba kugwira ntchito. Pakamwa pankamuyabwa. Anameza malovu, nameza ena.

Mzere woyamba unatha popanda wolankhula. Wachiwiri uli pakati, a Silvino anayamba okha, maso ali pa dothi.

"Poyamba anatisamutsa a mfuti. Amayi anga anatsala m'njira. Titafika ku Malawi anatichotsanso pamalire kutipititsa ku kampu, akuti kumeneko zonse zakonzeka. Mkulu wako amene sunamuone ali komweko. Manda ake sindingawalozenso, ndimamva kuti analimapo chimanga." Anakumba dzenje ndi kamtengo. "Zachitatu ukuzidziwa, unalipo. Kulikonse kumene anandisamutsa ndinafika ndili woperewera. Ndiye iwe ukubwera mano onse pamtunda, eti andisamutsa."

Assucena anali asanamvepo za manda aja. Mtima unamuwawa kwambiri. Mawu anamudzadza m'kamwa, ena a m'mabuku, ena opepesa, koma anawagwira onse. Manja okha ndiwo anamupereka: anakoka mbande imodzi mwamphamvu, n'kutuluka mizu ili mbee, yopanda dothi.

"Aa, iwe, usazule choncho," anatero a Silvino. "Uko n'kusamutsa. Ife timawokera."

Assucena anaiyang'ana mbande ija m'dzanja lake. Anafunsa motsitsa mawu. "Zimasiyana pati, ababa?"

"Wakulira m'dimba iwe, ukufunsa zimenezi? Wowokera amayamba wathirira. Amaitenga ndi dothi lake. Amadikira dzuwa lipepe. Akatero amabweranso kudzaona ngati yagwira. Wosamutsa sabweranso."

"Nanga mukaisiya pa nazale pompa, poti yamera bwino?"

"Imangotalika n'kuonda. Sibereka imeneyo, pamachepa apa."

Atangotero anaika kamtengo kaja pansi. Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwana wawo, koyamba chifikire.

"Ndinalakwitsa liwu, ababa," anatero Assucena. "Chipwitikizi chinandipusitsa. Palibe wandithamangitsa, ndinapempha ndekha. Pamwamba pa loja paja panali pa nazale, ndipo pandichepera. Koma wondiwokera ndilibe."

A Silvino anatenga mbande yopanda dothi ija, naiviika m'matope, naibzala pamapeto pa mzere n'kuitchinga ndi tsamba la nthochi. Anamaliza mzere wonse. Akutsuka manja m'ngalande m'pamene anafunsa, osatembenuka.

"Ku Beirako madzi aliko?"

"Nyanja yonse, ababa."

"Amchere amenewo," anatero. Assucena anaona kuti phewa lawo likugwedezeka, ndipo anazindikira kuti akuseka.

Tsiku lonyamuka panabuka mkangano wina, waung'ono. Assucena anakonzeka m'mawa kuti akwere shapa yoyamba, koma bambo ake anakana. Anati palibe amene amawokera dzuwa likukwera, adikire lipepe, akagone kwa achimwene ake ku Moatize. A Luzia anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anamvera, ndipo anapeza nthawi yodzaza thumba ndi nyemba, mbatatesi ndi ufa wa m'munda mwawo. "Dothi lake ndi limeneli," anatero a Silvino akumanga thumbalo. Pamsewu mayi wina woyandikana nawo anafunsa ngati mwana akusamuka. "Iyayi," anayankha. "Tikuwokera."

Ku Beira Assucena sanavutike ndi maphunziro. Anzake a kumeneko poyamba ankamuderera, poti wachokera ku kashikola kosadziwika, koma pofika nthawi yokhala ndi anthu enieni ovutika mumtima, iye ndiye ankadziwa kudikira. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chakuti bambo ake pa foni ankangoti "Tilipo," ngati kale. Ankadzifunsa ngati zija za kudimba zinathera kudimba komweko.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina masana akutuluka m'kalasi, mlonda wa pachipata anamuuza kuti pali mkulu wina akumufuna. Anawapeza ataima pamthunzi, atavala jekete la ku tchalitchi m'kutentha konse kwa Beira, chipewa chili m'manja. Munthu amene moyo wake wonse ankayenda ulendo wautali chotere pokhapokha wina atamunyamula, anali atatsika mapiri a Zóbuè, kudutsa pa waya wa mgodi uja, kuwoloka Zambezi, yekha, popanda womutuma.

"Ababa, kwagwanji? Amayi ali bwino?"

"Ali bwino. Taima apo."

Assucena anaima. A Silvino anamuzungulira pang'onopang'ono, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, namugwira mkono n'kuufinya pang'ono. Ophunzira ena anaima n'kumaonerera, koma iwo analibe nazo ntchito. Kenako anavala chipewa chawo.

"Wagwira," anatero.