Ndinamukana mtsikana amene anandijambula

Inu owerenga, ine ndine mayi wopemphera, ndipo ambiri kuno ku Ching'ambo amanditenga ngati chitsanzo. Koma ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandilemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Munthu anandichitira chifundo, ndipo tsiku limene iye anafuna mawu anga ochepa chabe kuti apulumuke, ndinakhala ngati sindikumudziwa. Ndatopa nako kubisa, n'chifukwa chake ndalemba.

Zinayamba ndi matenda. Anandipeza ndi khansa, ndipo madokotala anandichotsa bere lakumanzere. Mulungu anandisungira moyo, izi sindikana. Koma nditatuluka m'chipatala sindinanene zoona kumpingo. Ndinangoti inali opaleshoni ya m'mimba. Ndinasoka kapilo kakang'ono ka thonje n'kumakaika m'kati mwa bulauzi, ndipo Lachinayi lililonse ndinkavala yunifolomu yanga ya gulu la amayi a mpingo, duku loyera kumutu, n'kukakhala kutsogolo monga kale. Ndinali mmodzi wa alangizi a atsikana olowa m'banja. Ndinkawaphunzitsa kuti thupi la munthu ndi kachisi wa Mulungu, chonsecho langa ndinkaliona ngati nyumba yogumuka mbali imodzi. Galasi la kuchipinda ndinalitembenuzira kukhoma. Posamba ndinkayang'ana kudenga. Bambo a kunyumba, amene ndi kalipentala, anayesetsa kundilimbikitsa, koma ine ndinkavula atatuluka, n'kuvala asanalowe. Kenaka anasiya kuikamba nkhaniyo, m'nyumba mwathu n'kungoti zii.

Tsiku lina nditabwerera kuchipatala kuti akandione, namwino anaona kuti ndatseka maso pamene ankayang'ana chipsera changa. Anandinong'oneza kuti ku Chibanja kuli mtsikana amene amajambula amayi okhaokha, zithunzi za m'chipinda, zoti mwini wake azisunga yekha kapena kuonetsa mwamuna wake. Anati amayi angapo odulidwa ngati ine anapitako, n'kubwerako atasintha. Ndinakwiya mumtima. Ndinati zimenezo n'za anthu osapemphera. Koma mawu aja anakhala nane, ndipo m'mawa wina kukugwa mvula yamawawa ndinakwera kabaza, n'kutsikira patali kuti wanjingayo asadziwe nyumba imene ndikulowa.

Nthawi imeneyo yunivesite inali ikukula, ophunzira adzaza paliponse, aliyense wokhala ndi kabwalo akumanga tizipinda ta lendi. Mu mpingo mwathu munalowa achinyamata ambiri amene sitinkawadziwa bwino. Ndiye tangoganizani mantha anga pamene chitseko chinatseguka, ndipo amene anatuluka anali mtsikana wa mu kwaya yathu. Ndimutchule kuti Tiwonge, ngakhale si dzina lake. Anali atamaliza maphunziro, ntchito osaipeza, n'kutsegula situdiyo m'kanyumba kakuseri. Ndinafuna kuthawa. Iye sanadabwe, sanasekenso. Anangoti, "Monile amama. Njirani, lowani, kunja kukuzizira."

Chitseko chake chinali chopindika, chosatseguka pokhapokha utachinyamula pang'ono n'kukankha ndi bondo. Anandionetsa katsegulidwe kake akuseka. M'kati munali mbaula yotenthetsa chipinda, mpando wa nsungwi pafupi ndi zenera, ndi nsalu yoyera yopyapyala yotchinga zeneralo. Asanagwire kamera anandiuza malamulo ake. Mwamuna salowa. Zithunzi amatsuka yekha pa makina ake, kenaka amafufuta zonse iwe ukuona, osatsala ndi ngakhale chimodzi. Ndipo anati kunja kwa chitseko chimenecho sadzandidziwa kuposa mmene ankandidziwira dzulo lake, pokhapokha ndiyambe ndine.

Ndinali nditatenga chitenje chimene bambo anandigulira titangokwatirana, ndi mikanda yanga imene ndinali nditaiponya pansi pa sutikesi. Tiwonge sanayatse magetsi owala aja. Anati kuwala kwa m'mawa kodutsa pa nsalu n'kofatsa, sikuzunza khungu. Anaimika kabolodi koyera mbali inayo kuti kabweze kuwala kumaso kwanga. Ine ndinakhala nditauma gwa, chitenje ndachikoka mpaka m'khosi.

"Mapewa pansi, amama," anatero. "Sitikujambula cha chiphaso."

Ndinaseka, mwina koyamba chichokereni m'chipatala. Anandiuza kuti ndiimbe nyimbo iliyonse ya m'tchalitchi kuti ndizipuma bwino, ndipo iye anathira alito uku akujambula. Sanandigwire, sanandikakamize. Anangondifunsa chinthu chimodzi: ngati ndikufuna kuti mbali ya chipsera ikhale mu mthunzi kapena powala, pakuti mpando ukhoza kutembenuzidwira kulikonse. Tinayamba ndi mthunzi. Chakumapeto ndinadzuka ndekha, ndinautembenuza mpando uja, ndinatsitsa chitenje paphewa, n'kuika dzanja pa chipsera.

Atandionetsa pa kamera, ndinaona mayi wa imvi zochepa, wotopa, koma wosanyansa ayi. Mayi amene anamenya nkhondo n'kubwerako. Ndinakumbukira kuti Ambuye atauka sanabise zipsera zawo, anazionetsa kwa ophunzira awo. Ndinalira kwambiri, ndipo Tiwonge anangondiika bulangete paphewa n'kupita kukaphika tiyi.

Nditakatenga zithunzi, anafufuta zonse pamaso panga monga ananenera. Kunyumba ndinazipereka kwa bambo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi awa ndi okongola. Kodi ali pabanja?" Tsiku lomwelo galasi lija ndinalitembenuza. Inu owerenga, banja langa linatsitsimuka chifukwa cha mtsikana ameneyu. Dziwani zimenezi musanamve zotsatirazi.

Patapita miyezi, bambo wina wa ku Mzilawaingwe anapeza zithunzi za mkazi wake, anazing'amba, n'kukakuwa pa geti ya situdiyo. Mphekesera inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Ena ankati Tiwonge amavula akazi a eni n'kugulitsa zithunzi zawo pa intaneti. Ena ankati amakokera ana a sukulu ku uhule. Popeza anali wa mpingo wathu, akulu anagamula kuti amayi apite akamuone, abwere ndi mawu. Anasankhidwa amayi a pampando, mayi wina wosunga chuma cha gulu, ndi ine, mlangizi. Mwini nyumba anali mkulu wa mpingo, ndipo ananeneratu kuti zikapezeka zoona, mtsikanayo asamuke.

Tinapita titavala yunifolomu. Pakhomo, amayi a pampando analimbana ndi chitseko chija, chosatseguka. Bondo langa linkadziwa chochita. Koma ndinaima kumbuyo n'kunena kuti mwina chakiyidwa. Bodza langa linayambira pamenepo.

Tiwonge anatilandira bwino, ndipo mpando umene unagwera ine unali wa nsungwi uja, pazenera. Amayi a pampando sanali munthu woipa. Anati Tiwonge ationetse zithunzi kuti tione tokha ngati zili zonyansa. Tiwonge anati alibe ngakhale chimodzi, sasunga. Anati atchule mayi mmodzi amene anamujambula kuti tikamufunse. Tiwonge anati sangatchule. Amayi aja anapumira m'mwamba.

"Mwana wane, tithandize kuti tikuthandize. Patapezeka mayi mmodzi yekha wodziwika, woti n'kuima n'kunena kuti ine ndinalowa muno ndipo palibe chonyansa, nkhani ithera pompano. Ine ndikawauza akulu kuti zinali zabodza." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nanga inu alangizi, mukuti bwanji? Mwangokhala chete chomene lero."

Inu owerenga, ndinangoyang'ana pansi. Mwamuna wanga sindinkamuopa, pakuti ankadziwa. Ndinkaopa amayi anzanga. Kunena kuti ndinajambulidwa kukanatanthauza kunena chifukwa chake, ndipo onse akanadziwa kuti pansi pa bulauzi yoyera pali kapilo ka thonje, ndiponso kuti ndinawanamiza. Ndinaona m'maganizo atsikana a ku chilangizo akugwedezana zigongono. Ndinaona malo anga a kutsogolo atakhala wina. Ndiye ndinati, "Ine zinthu zimenezi sindizidziwa. Koma mkazi wodzilemekeza sangavule pamaso pa kamera."

Palibe amene anandifunsa mawu achiwiriwo. Ndinawaonjezera ndekha, ngati wophunzira uja amene ankaotha moto pabwalo, amene sanangokana koma anayamba ndi kulumbira komwe.

Tiwonge sanandiyang'ane n'komwe. Akanangoti, "Amama, si paja munakhala pampando womwewo?" akanapulumuka iye, ine n'kumira. Anangofunsa ngati tithire tiyi wina. Potuluka anatinyamulira chitseko, n'kunena kuti yewo, muyende bwino.

Anamuimitsa ku mgonero ndi ku kwaya. Ntchito zojambula maukwati zimene anali atamupatsa kale anamulanda, pakuti palibe mayi ankafuna kuti mwana wake ajambulidwe ndi iye. Lamulungu lina ndinamuona atakhala pa benchi ya kumbuyo yekha, ndipo potuluka tinakumana maso. Anadikira, monga mwa lamulo lake, kuti ndiyambe ndine. Ndinali pakati pa amayi. Ndinawerama ngati ndikukonza nsapato. Pambuyo pake sanabwerenso.

Bambo a kunyumba nthawi yonseyi anali ku ntchito ya denga kunja kwa tauni, ndipo sindinawauze. Atabwerako, mkulu wa mpingo uja, mwini nyumba, anawaitana kuti akadule kanyumba kena ku Chibanja kakhale tizipinda ta ophunzira. Madzulo anabwera akuyenda pang'onopang'ono. Anati m'nyumbamo anapezamo mpando wa nsungwi ndi zenera limene analizindikira kuchokera pa zithunzi zanga zija, ndipo anyamata a pamenepo anawafotokozera zonse, ndi mayina a amayi amene anapita kukaweruza.

"Mukanandiuza, mayi, ndikanabwera kudzaima pambali panu," anatero. "Ndikanawauza kuti mkazi wanga anandibwezera ndi mwana ameneyo."

Sanakalipe. Akanakalipa, mwina zikanapepuka.

Ndinavutika nthawi yaitali. Ndikatsegula Mawu, ndinkangokumana ndi mayi uja wodwala zaka zambiri, amene anakhudza chovala cha Ambuye mobisa, koma atachira anatulukira poyera akunjenjemera n'kunena zoona zonse pamaso pa khamu. Ndinkakumana ndi akhate aja amene anachiritsidwa, wobwerera kudzathokoza n'kukhala mmodzi yekha. Ine sindinali ngakhale mwa osabwererawo. Iwo anangopita, sanaponye mwala.

Lachinayi lina, itafika nthawi ya maumboni, ndinaimirira. Ndinapisa dzanja m'bulauzi, ndinatulutsa kapilo kaja, n'kukaika pa tebulo pafupi ndi mbale ya chopereka. Ndinanena zonse. Palibe anaseka. Amayi a pampando anaphimba nkhope ndi duku. Titaweruka, pamene ndinkapinda nsalu ya pa tebulo, mayi wosunga chuma uja, amene tinali naye ku Chibanja, anabwera pafupi nane n'kunong'ona kuti nayenso chitseko chija ankadziwa katsegulidwe kake. Anapitako atabereka mwana wachisanu, mwamuna wake atayamba kumutcha thumba. Tinali awiri m'chipinda muja, inu owerenga. Aliyense ankadikira mnzake.

Akulu anavomera kumubwezeretsa, koma wobwezeretsedwayo kunalibe. Ena amati anapita ku Karonga, ena ku Lilongwe. Nambala yake siigwira. Ndikadutsa ku Chibanja ndimaona nsapato za ophunzira zitayanikidwa pazenera lija, ndipo chitseko, chimene bambo anachipala bwinobwino, chimatseguka ndi chala chimodzi. Mwezi wathawu mayi wina wa m'dera lathu anachotsedwa bere, ndipo atamva umboni wanga anabwera kudzandifunsa kumene angapite. Ndinalibe komulozera.

Sindikunena kuti mayi aliyense akajambulitse. Pali ojambula achinyengo, ndipo mwana wanga atandifunsa ndingamuuze kuti afufuze kaye: kodi zithunzi zimatsala ndi ndani, m'chipindamo mumalowa ndani, ukakana chinthu amakumvera? Koma chimene ndikukuchenjezani n'china. Musaweruze chipinda chimene simunalowemo. Ndipo ngati munalowamo, mukatuluka mutathandizidwa, musadikire kuti wina ayambe kulankhula. Pali anthu amene amatisungira chinsinsi mpaka iwo eni kumira nacho, ndipo ife timawasiya amire chifukwa tikudziwa kuti saulula. Manyazi amene ndinkawaopa anatha tsiku limodzi lokha. Amene ndinawasankha m'malo mwake ndikugona nawo mpaka lero.

Yunifolomu ndimavalabe, kapilo ndinasiya. Ambuye ndikhulupirira anandikhululukira, pakuti ngakhale wokana uja anamufunanso m'mbali mwa madzi n'kumupatsa ntchito. Koma kwa munthu sindinapepesebe.

Tiwonge mwana wanga, ngati mawu awa angakupeze kumene uli, chithunzi chija cha powala chili pakhoma kuchipinda kwathu, mu felemu imene bambo anakhoma okha. Unati sudzandidziwa pokhapokha ndiyambe ndine. Wasunga mawu ako mokwanira. Tsiku limene Mulungu adzatikumanitse, kaya ndi pa depoti kaya pakati pa msika, kaya ndili ndi amayi a mpingo wonse kumbuyo kwanga, usadzavutike kuyang'ana kumbali. Ndidzayamba ndine.